Chiwala chenicheni: luso la alembi a realism ku America

Pali fanizo limodzi limene landikhala m'mutu kuyambira pamene ndinayamba kuwerenga mwachidwi nkhani zopeka za ku America za pakati pa 1865 ndi 1910, ndipo fanizolo ndi la chiwala. Mwini wake ndi William Dean Howells, amene anali mkonzi wa magazini ya Atlantic Monthly kuyambira 1871 mpaka 1881, kenaka n'kumalemba maganizo ake pa zolembalemba m'magazini ya Harper's, maganizo amene anasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Criticism and Fiction m'chaka cha 1891. Howells anayerekezera mlembi wachinyamata ndi munthu wofufuza za tizilombo amene watola chiwala m'udzu n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa. Ali mkati moyang'ana, pakubwera munthu wophunzira kwambiri n'kumuuza kuti asataye nthawi ndi kachilombo konyozekako, pakuti iye ali nacho chiwala chabwino koposa, chopangidwa ndi waya ndi katoni, chopakidwa utoto wokongola, chosawonongeka, chimenenso akatswiri akhala akuchivomereza kwa mibadwomibadwo. Pempho la Howells linali lakuti alembi akane chiwala cha katonicho n'kubwerera ku chija cha m'udzu. Kalembedwe kameneka ndi kamene kamatchedwa realism, ndipo iye mwini anakatanthauzira mwachidule kuti si china ayi koma kulemba zinthu moona.

Sizovuta kumvetsa chifukwa chake maganizo otere anakula pa nthawi imeneyo. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inapha anthu oposa 600,000 n'kuthetsa ukapolo, njanji yodutsa dziko lonse inamalizidwa mu 1869, ndipo mzinda ngati Chicago, umene unali ndi anthu pafupifupi 300,000 mu 1870, unali utadutsa miliyoni imodzi pofika 1890. Anthu amene anaona mitembo kunkhondo ndi umphawi m'mizinda sakanakhutiranso ndi nkhani za ngwazi zopanda chilema ndi anamwali okomoka chifukwa cha chikondi.

Koma chimene ndikufuna kunena pano n'chakuti chiwala chenichenicho sichilowa m'buku chokha. Pamafunika maso oti achione ndi pakamwa poti pachifotokoze. Ndikamawerenga alembi amenewa ndimaona kuti luso lawo lonse lagona pa mafunso awiri, lakuti ndani akuona ndi lakuti ndani akulankhula, ndipo mayina ambiri a luso amene ophunzira amaloweza pokonzekera mayeso ndi mayankho osiyanasiyana a mafunso awiri omwewa.

Howells mwiniwake, m'buku la The Rise of Silas Lapham la mu 1885, anayamba nkhani ndi mtolankhani amene akufunsa mafunso Silas Lapham, munthu wolemera chifukwa chogulitsa penti, munthu wochokera kumudzi ku Vermont amene tsopano akukhala ku Boston. Motero mbiri ya mwininkhani timaimva kuchokera pakamwa pake, pamodzi ndi kudzitama kwake ndi Chingerezi chake chosapsa, mlembi osatiuza kuti timuone motani. M'buku lomwelo muli mnyamata amene aliyense ankaganiza kuti akufuna mwana wamng'ono wa Lapham, Irene, pamene iye ankakonda wamkulu, Penelope. Chiwala cha katoni chikanafuna kuti Penelope akane ukwati kuti aoneke wodzipereka, anthu atatu onse avutike mpaka imfa. Howells anaika m'nkhanimo m'busa wina dzina lake Sewell amene akulangiza makolo kuti kuli bwino avutike mmodzi kusiyana ndi kuti avutike atatu popanda chifukwa. Ndimalikonda gawo limeneli chifukwa likuonetsa kuti realism sinali nkhani ya kufotokoza mipando ndi zovala chabe, koma inkatsutsanso maganizo amene mabuku achikondi ankadzala m'mitima ya achinyamata. Ndiyenera kuvomereza, komabe, kuti Howells nthawi zina ankaopa mdima. Mu 1886 analemba kuti alembi a ku America amayang'ana kwambiri mbali zosangalatsa za moyo chifukwa ndi zimene zikuyenerana ndi dziko lawo, ndipo mawu amenewa akhala akumutsata mpaka lero. Koma munthu yemweyo chaka chotsatira analemba kalata poyera kupempha kuti amuna amene anaweruzidwa kuti anyongedwe pa mlandu wa bomba limene linaphulika pamsonkhano wa ogwira ntchito ku Haymarket, mumzinda wa Chicago, achitiridwe chifundo, pa nthawi imene alembi anzake ambiri anali chete.

Amene anayankha funso la wolankhula molimba mtima koposa ndi Mark Twain, dzina lake lenileni Samuel Clemens. Buku lake la Adventures of Huckleberry Finn, limene linatuluka ku Britain kumapeto kwa 1884 ndi ku America mu 1885, limayamba ndi chidziwitso chachifupi chakuti m'nkhanimo muli malankhulidwe asanu ndi awiri: a anthu akuda a ku Missouri, a anthu a kumidzi yakutali ya kumwera chakumadzulo, a ku Pike County, ndi mitundu ina inayi ya omalizawa. Twain anawonjezera kuti sanachite zimenezi mwachisawawa, koma mosamala kwambiri. Kugwiritsa ntchito chilankhulo cha anthu wamba kotereku kumatchedwa vernacular, ndipo chachilendo chimene Twain anachita si kulola anthu osaphunzira kulankhula m'buku, pakuti ena anali atachita kale zimenezo. Alembi akale ankatsekera mawu a munthu wamba m'mitengero, ndipo kunja kwa mitengeroyo kunkaima mfotokozankhani wophunzira, wolankhula Chingerezi chapamwamba, amene ankakhala ngati akuuza owerenga kuti ife si amtundu umenewo. Twain anachotsa mfotokozankhani wophunzirayo n'kupereka buku lonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kwa Huck, mnyamata wosauka, mwana wa chidakwa, wothawa sukulu. Kutuluka kwa dzuwa pamtsinje wa Mississippi timakuona ndi maso a Huck, ndipo timakumva m'mawu amene Huck angathe kuwapeza. Akuluakulu a laibulale ya ku Concord, ku Massachusetts, anachotsa bukuli m'mashelefu awo chaka chomwecho cha 1885 ponena kuti ndi lachipongwe.

Phindu lalikulu la chisankho chimenechi limaoneka m'mutu 31. Huck wakhala akuyenda pamtsinje ndi Jim, kapolo amene anathawa kwa Miss Watson, ndipo tsopano Jim wagwidwa. Zonse zimene Huck anaphunzitsidwa, kutchalitchi ndi m'mudzi, zikumuuza kuti kuthandiza kapolo kuthawa ndi kuba, ndipo wakuba amapita kugehena. Choncho akulemba kalata yodziwitsa Miss Watson kumene kuli Jim, ndipo atalemba akumva ngati watsukidwa machimo. Kenaka akukumbukira masiku awo pamtsinje, momwe Jim ankamulonderera usiku kuti iye agone, momwe anamutchulira bwenzi lake lokhalo. Akung'amba kalatayo n'kunena kuti chabwino, apita kugehena. Apa ndi pamene pali luso lotchedwa dramatic irony, kutanthauza kuti wowerenga akudziwa chimene mpangankhani sakudziwa. Huck akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wasankha tchimo, pamene ife tikuona kuti wachita chinthu cholungama koposa m'buku lonse. Mlembi sanalalikire ngakhale chiganizo chimodzi chotsutsa ukapolo pamenepo. Akanati aike munthu wamkulu wanzeru woti atifotokozere, mphamvu yonse ikanatha, chifukwa mphamvuyo ikuchokera pa mpata umene uli pakati pa zimene mwanayo akunena ndi zimene ife tikumva. Ndawerenga mutu umenewu kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse chimene chimandikhudza si kulimba mtima kwa Huck kokha, koma kuona kuti mudzi wonse, ndi malamulo ake ndi mapemphero ake, ungathe kupotoza chikumbumtima cha mwana mpaka aziopa kuchita zabwino.

Luso lolemba monga anthu amalankhulira lili ndi ngozi yake, ndipo sindingalitame osatchula ngoziyo. Pali chinthu chimene akatswiri amachitcha eye dialect, kumene ndi kulemba mawu molakwika dala ngakhale kuti aliyense amawatchula chimodzimodzi. Kalembedwe kotero sikauza khutu chilichonse chatsopano, kamangouza diso kuti wolankhulayu ndi mbuli. M'magazini ambiri a nthawi imeneyo, mawu a anthu akuda ankalembedwa motero kuti azungu aseke, kapena kuti azikumbukira minda ya ukapolo ngati malo amtendere. Mlakatuli Paul Laurence Dunbar anatchuka Howells atayamikira ndakatulo zake mu 1896, koma Howells anatamanda kwambiri zija zolembedwa m'malankhulidwe a akuda a kumidzi, ndipo Dunbar anadandaula pambuyo pake kuti anthu sankasamalanso ndakatulo zake za Chingerezi chovomerezeka. Ife owerenga Chichewa funso limeneli si lachilendo kwa ife. M'zisudzo zathu zambiri, munthu wochokera kumudzi kapena wolankhula chinenero china amapatsidwa Chichewa chothyokathyoka kuti anthu aseke asanamve n'komwe chimene akunena. Mlembi amene akufuna kuika Chimang'anja cha ku Chikwawa kapena Chinyanja cha ku Lusaka m'kamwa mwa mpangankhani wake ayenera kudzifunsa ngati akuchita zimenezo kuti timumve munthuyo bwino kapena kuti timuyang'ane pansi.

Amene anapeza njira yanzeru yodutsira msampha umenewu ndi Charles Chesnutt, mlembi wakuda amene nkhani yake inatuluka mu Atlantic Monthly mu 1887, ndipo nkhani zake zinasonkhanitsidwa mu The Conjure Woman mu 1899. Iye anagwiritsa ntchito luso la nkhani m'kati mwa nkhani inzake, lotchedwa frame narrative. Kunja kuli John, mzungu wochokera kumpoto amene wagula munda wa mpesa ku North Carolina, wolankhula Chingerezi chosalala ndi chodzidalira. M'kati muli Julius, mdala amene anali kapolo pamunda womwewo, amene amasimba nthano za matsenga m'malankhulidwe a kwawo. M'nkhani ina John akufuna kugwetsa kanyumba kakale kamene kanali sukulu kuti matabwa ake amangire mkazi wake khitchini. Julius akuwasimbira za kapolo wina, Sandy, amene mbuye wake ankangomubwereketsa uku ndi uku ngati khasu, mpaka mkazi wake wodziwa mankhwala anamusandutsa mtengo wa paini kuti akhale pamalo amodzi. Tsiku lina mkaziyo kulibe, mtengowo unadulidwa n'kuchekedwa matabwa, ndipo matabwa akewo ndi amene ali m'kanyumbako. Annie, mkazi wa John, atamva zimenezi akukana matabwawo, ndipo posakhalitsa zikudziwika kuti Julius wapempha kanyumbako kuti mpingo wake uzipemphereramo. John akuganiza kuti watulukira chinyengo cha mdalayo. Koma wowerenga wachidwi amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti Julius akugwiritsadi ntchito nthano popeza zimene akufuna, ndiponso kuti nthano ya munthu wosandulika matabwa ikunena zoona za ukapolo kuposa chilichonse chimene John angathe kunena. Aliyense amene anakhalapo pabwalo usiku kuyankha kuti "tili tonse" agogo atati "padangokhala" amadziwa kuti wosimba nthano nthawi zambiri amakhala ndi munthu amene akumuponyera mawu pakati pa omverawo. Chesnutt anatenga khalidwe limeneli n'kulisandutsa mafupa a buku, ndipo anaonetsa kuti wolankhula Chingerezi chabwino si amene amamvetsa zambiri.

Alembi ena a nthawi yomweyo, ambiri mwa iwo amayi, anadzipereka kulemba za dera limodzi, malankhulidwe ake, zakudya zake ndi miyambo yake imene inali kuzilala. Kalembedwe kameneka kamatchedwa local color kapena regionalism. Sarah Orne Jewett analemba za midzi ya asodzi ku Maine, Mary Wilkins Freeman za akazi a m'midzi ya New England, Bret Harte za okumba golide ku California. Kwa zaka zambiri otsutsa zolembalemba ankaona ntchito zimenezi ngati zazing'ono, zimene ine sindivomereza, chifukwa kudziwa mudzi umodzi mpaka pansi pake ndi ntchito yovuta kuposa kulemba za dziko lonse mwapatalipatali.

Tsopano ndibwere ku funso lina lija, la amene akuona. Henry James, amene anakhala zaka zambiri za moyo wake ku England, ankakhulupirira kuti zinthu zenizeni zimene zimachitikira munthu zimachitika m'maganizo mwake. Anafanizira nkhani zopeka ndi nyumba ya mazenera osawerengeka, pazenera lililonse pali munthu woyang'ana bwalo lomwelo koma akuona zosiyana. Luso lake linali losankha mpangankhani mmodzi n'kutionetsa zonse kudzera m'maganizo a iyeyo, ngakhale kuti nkhaniyo ikusimbidwa ndi mawu akuti "iye" osati "ine". Ichi ndi chimene chimatchedwa point of view yopanikizidwa pa munthu mmodzi, kapena center of consciousness. Chitsanzo chotchuka ndi mutu 42 wa The Portrait of a Lady, buku la mu 1881. M'mutu wonsewo palibe chochitika chooneka ndi maso. Isabel Archer wakhala yekha pampando usiku, moto ukuzima pang'onopang'ono, makandulo akutha, ndipo akulingalira za ukwati wake ndi Gilbert Osmond. Masana apitawo analowa m'chipinda n'kupeza mwamuna wake atakhala pansi pamene mlendo, Madame Merle, ali chilili, chinthu chaching'ono chosemphana ndi ulemu wa nthawi imeneyo chimene chinasonyeza kuti awiriwo anazolowerana kuposa momwe iye ankadziwira. Kachithunzi kameneko kakumubwererabwerera mpaka usiku utatha. James mwiniwake anadzanena kuti ili ndi gawo labwino koposa m'bukumo. Mkulu wake, William James, ndi amene anatchukitsa mawu akuti stream of consciousness, kutanthauza maganizo oyenda mosadukiza ngati madzi a mumtsinje, m'buku lake la za maganizo a munthu la mu 1890, ndipo ngakhale Henry sanalembe mwa njira imene mawuwa anadzatanthauza m'zaka zotsatira, mutu 42 uja unatsegula khomo lake.

Chida chimene chimatheketsa zonsezi ndi free indirect discourse, ndipo popeza ophunzira ambiri amasokonezeka nacho, ndipereke chitsanzo changachanga m'Chichewa. Mlembi angathe kulemba kuti: Mayiyo anati mumtima, "Sindidzabwereranso kuno." Apa mawu a mpangankhani aikidwa m'mitengero monga momwe alili. Angathenso kulemba kuti: Mayiyo anaganiza kuti sadzabwererakonso. Apa mfotokozankhani watenga maganizowo n'kuwanena m'mawu ake. Koma pali njira yachitatu: Mayiyo anayang'ana chitseko kotsiriza. Ayi, kuno sadzapondakonso, ngakhale atachita kumugwadira, zaka zonsezi zakwana. M'njira yachitatuyi mulibe mitengero, mulibenso "anaganiza kuti", ndipo mneni akadali wa "iye", koma "ayi" uja ndi mkwiyo wonsewo ndi za mayiyo. Mawu a wosimba ndi a wosimbidwa asungunukirana. Kate Chopin anagwiritsa ntchito luso limeneli mwaukatswiri m'nkhani yaifupi kwambiri ya mu 1894, The Story of an Hour, momwe mayi wodwala mtima akuuzidwa kuti mwamuna wake wafa pangozi ya sitima yapamtunda. Akulira, akudzitsekera m'chipinda, ndipo atakhala pazenera akuyamba kumva chinthu chimene iye mwini akuchiopa, chimene ndi chimwemwe cha ufulu. Chifukwa chakuti tili m'kati mwa maganizo ake, sitingamuweruze msanga. Mwamunayo atatulukira pakhomo ali moyo, mayiyo akugwa n'kufa, ndipo madokotala akuti chamupha ndi chimwemwe. Wowerenga yekha ndi amene akudziwa kuti madokotalawo alakwitsa, popeza ndi iye yekha amene analowa m'chipinda muja.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kunabwera achinyamata amene anaona kuti realism ya Howells ndi yofatsa kwambiri. Frank Norris, Theodore Dreiser ndi Stephen Crane amaikidwa m'gulu la naturalism, kalembedwe kogwirizana ndi maganizo a Émile Zola wa ku France, kamene kamaonetsa munthu ngati wokankhidwa ndi mphamvu zomuposa, monga umphawi, chibadwa, njala ndi chilengedwe. Malire a magulu awiriwa si olunjika, ndipo sindiona phindu lalikulu pokangana kuti buku lakutilakuti lili mbali iti.

Chimene chimandiphunzitsa zambiri ndi zimene zinachitikira Crane. Pa 31 Disembala 1896 anakwera sitima yotchedwa Commodore, imene inanyamula zida kupita kwa omenyera ufulu ku Cuba, ndipo pa 2 Januwale 1897 sitimayo inamira kufupi ndi gombe la Florida. Crane anakhala maola pafupifupi 30 m'kabwato kakang'ono pamodzi ndi kaputeni wovulala, wophika ndi wothira mafuta m'makina. Patangopita masiku ochepa analemba nkhani ya m'nyuzipepala yofotokoza za kumirako, koma za m'kabwatomo sananene zambiri. Zimenezo anazisungira nkhani yopeka, The Open Boat, imene inatuluka chaka chomwecho. Choncho tili ndi chochitika chimodzi cholembedwa kawiri ndi munthu mmodzi, ndipo tingathe kuona ndi maso athu chimene luso limawonjezera pa choonadi. Nkhani yopekayo ikuyamba ndi kutiuza kuti palibe aliyense mwa amuna anayiwo amene ankadziwa mtundu wa thambo. Munthu woima pagombe akanafotokoza mitambo ndi kuwala kwa dzuwa pamadzi, koma amene ali m'bwato loti lingathe kugubuduzika nthawi iliyonse maso ake sachoka pa funde limene likubwera. Ndi chiganizo chimodzi chimenecho Crane watichotsa pagombe n'kutikhazika m'bwato. Amunawo sakutchulidwa mayina, koma ntchito zawo, kupatula wothira mafuta uja, Billie. Iye ndi amene anali wamphamvu koposa onse, amene anapalasa kwambiri usiku wonse, ndipo bwato litagubuduzika pafupi ndi mtunda anali patsogolo posambira. Atatu enawo anafika amoyo. Billie anamupeza atagona chafufumimba m'madzi osaya, chipumi chake chili pamchenga.